Timapepala ta m'thumba la kachewere

Pamsika wa ku Domwe pali aphunzitsi ena opuma amene masiku ano amagulitsa kachewere. Choko anachisiya kalekale, koma uphunzitsi sunawachoke m'magazi. Sukulu zikangotsekera tchuthi chachikulu, aliyense wogula amakapeza kapepala pansi pa thumba. Wina kamamuuza kuti alembe ndakatulo ya njinga yotopa ndi katundu, wina sewero la anthu okanganirana mpando mu minibasi imene kuno amati shapa. "Kapatseni ana," amatero. "Mutu ukagonera umamera thengo ngati munda."

Tsiku lina mayi Argentina, amene anabwerako kothawa nkhondo ku Malawi ali mtsikana, anawerenga okha kapepala ka mwana wawo: "Lembera kalata munthu amene sunamutsanzike."

Patapita masiku atatu anatulukira maso ali psuu.

"Aphunzitsi, mwandiputa dala. Mwana sanalembe, ndalemba ndine."

Kalatayo inali ya kwa mkulu wawo amene anakwatiwa n'kutsalira ku Dedza. Anasiyana atayambana, ndipo zaka makumi atatu zinadutsa osalankhulana.

"Mundikonzereko. Ine sukulu ndinalekera panjira."

Aphunzitsiwo anavala magalasi n'kuwerenga mpaka kumapeto. Zolakwika zinalimo zambirimbiri. Anaipinda bwinobwino n'kuwabwezera.

"Iyi sikonzedwa, mayi. Ndikaikonza, akulu anu sadzamvamo mawu anu. Komanso musapatsire munthu. Ku Dedza si kutali."

M'mawa mwake mayi Argentina anaoloka malire pa Kalomwe atavala chitenje chatsopano, kalata ili m'manja.