Mabotolo Obiriwira a Pawindo

Zaka zimene ndinkagwira ntchito ya m'dimba ku Boksburg ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Munali bedi, tebulo, mpando umodzi ndi thanki yagalasi ya madzi amchere. Anthu akwathu akabwera kudzandiona ankayamba aseka kaye asanapereke moni. Munthu wobadwira ku Ntcheu, amene nyanja yamchere sanaionepo, akuweta nsomba zoti sangadye n'komwe.

Nsombazo zinali ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zazifupi kuposa chala changa chaching'ono. Zinali zakuda, zokhala ndi mzere wabuluu wowala kuchokera pamaso mpaka kumchira. Abwana anga ankazitchula kuti gobi. Iwo ndiwo anali ndi mathanki akuluakulu m'galaja, ndipo kwa zaka zingapo ntchito yanga ya Loweruka inali kupukuta magalasi ndi kusungunula mchere wa m'thumba m'madzi, n'kumayeza ndi kagalasi koyandama kuti mcherewo usapitirire. Abwanawo atadwala matenda oumitsa ziwalo n'kuleka kuyankhula, adona anagulitsa zonse kwa munthu wina wakutali. Panatsala thanki yaing'ono imene wogulayo anaikana, ndi tinsomba tiwiri timene tinabisala m'chidutswa cha paipi. Adona anati nditenge ngati ndikufuna, ndipo za magetsi ndisadandaule.

Akazi anga anali atabwera kuchokera kumudzi chaka chomwecho, atayamba kale kudwala. Masiku ambiri ankakhala chigonere, choncho thankiyo ndinaiika pamene akanatha kuiona osadzuka. Iwo ndiwo anayamba kuzindikira kuti yaimuna yaleka kutuluka m'paipi. Nditaunikamo ndi tochi ndinapeza mazira atamatirira kudenga kwa paipiyo, yaimuna ili pansi pake ikuwakupiza ndi zipsepse. Akazi anga anaseka mpaka kutsokomola. Anati akadzakafotokoza kumudzi kuti kuli mwamuna wofungatira mazira mkazi akungoyendayenda, anthu adzanena kuti Joni yawazunguza mutu.

Mazira ankaswa ndithu, koma tiana sitinkakhala moyo. Tinkatuluka tating'ono ngati nsonga ya singano, toonekera ngati madzi, maso okha ndiwo akuda. Tikayandama masiku ochepa, tinkatha tonse. Chakudya cha makolo ake sichikanalowa m'kamwa mwake. Ndinkadziwa chimene abwana ankachita, chifukwa ndinali nditawaonerera kambirimbiri. Ankasunga madzi amchere obiriwira m'mabotolo padzuwa, ndipo m'madzi amenewo ankawetamo tizilombo tovuta kuona ndi maso, timene tiana ta nsomba timadya. Koma mbewu ya tizilomboto inapita ndi wogula uja. Akazi anga anamwalira asanaonepo kamwana ngakhale kamodzi katakula mpaka kutuluka mzere.

Nditabwerako kumudzi kumene tinakawaika, ndinapitiriza. Sindinganene bwinobwino chifukwa chake. Ntchito ya m'dimba ikatha munthu umafuna choti manja agwire, ndipo m'chipindamo chamoyo china chinali nsomba zokhazo. Mwini sitolo ina ya nsomba ku Benoni anandipezera mbewu ya tizilombo patapita miyezi, yochokera kwa munthu wa kunyanja. Ndinaiika m'mabotolo aakulu a zakumwa, n'kuwandandalika kuseri kwa galaja kumene dzuwa linkafika, lililonse ndi kapaipi kake ka mpweya. Anabiriwira bwino. Koma nsomba zanga zinali zitakalamba. Abwana ankanena kale kuti mtundu umenewu sukhala zaka zambiri, ndipo ndinkaona ndekha kuti yaikazi yayamba kuikira patalipatali, mazira akenso ochepa.

Chisanu chitafika, madzi a m'mpopi wa panja n'kumaundana m'mawa, ndinalowetsa mabotolo onse m'chipinda. Ndinawaika pawindo, ndipo ndowa imene munali tizilombo tambiri ndinaiika pafupi ndi hita. M'chipinda munayamba kununkha ngati dambo. Masiku omwewo mazira anaswa. Ndinatunga tiana ndi kapu mosamala n'kutiika m'kathanki kena kamene ndinakakuta ndi pepala lakuda m'mbali. Ulendo uno tianato tinadya tizilombo tija. Ndikaunika ndinkaona timimba tatuwa, todzaza.

Chimwalirire akazi anga, amayi a kumpingo kwathu anali ndi chizolowezi chobwera Lachinayi lina pamwezi, tsiku limene antchito a m'nyumba amapuma. Ankasesa, kuchapa, kenako n'kupemphera nane. Kwathu mwamuna woferedwa sasiyidwa yekha ndi fumbi. Kiyi ndinkawasiyira pansi pa mwala. Wowatsogolera anali msuweni wa akazi anga, amene ndinkamutchula kuti alamu, mayi wapakamwa koma wamtima wabwino, wogwira ntchito m'nyumba ina ku Benoni. Mabotolo aja anali asanawaonepo, poti nthawi zonse ankakhala kuseri.

Lachinayi limenelo adona anandituma ndi mwana wawo kukatenga manyowa kufamu ina cha ku Nigel. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndisanafike pakhomo ndinamva nyimbo, kenako ndinaona mabotolo anga ali panja pa udzu, otsukidwa mbee, atawazondotsa kuti aume. Ndowa ija inali pambali, atanyikamo malaya anga ndi sopo. M'chipinda munkanunkhira mankhwala okolopera. Amayi anali atakhala pabedi ndi pansi, tiyi atathira kale.

Alamu sanadikire kuti ndivule nsapato.

"Alamu, mwayamba liti kufulula pawindo? Mkulu wampingo wathunthu, mabotolo ali mbwee, mpaka kumera ndere."

Amayi onse anaseka. Wina anawonjezera kuti fungo lake likanathamangitsa ngakhale mbusa. Anandifotokozera monyadira kuti madzi onse owolawo anawathira m'ngalande, n'kutsuka botolo lililonse ndi mchenga. Thanki ya nsomba sanaigwire, poti ankaidziwa. Kathanki kokutidwa ndi pepala kaja anakaona ngati mulibe kanthu ndipo anafuna kukatsukanso, koma anaopa nthambo za magetsi.

Ndinakhala pampando. Tinaimba, tinapemphera, koma mawu a pempherolo sindinawamve. Ndinkaganiza zongokhala chete. Anthuwa anali atataya tsiku lawo limodzi lopuma, kukwera matekisi m'chisanu, kudzagwada pasimenti ya munthu wina. Mayi aliyense wakwathu akapeza madzi obiriwira onunkha m'nyumba ya mwamuna wokhala yekha, angachite chimodzimodzi. Koma alamu anaona kuti sikono imene anandipatsa sindinaigwire, ndipo anandifunsa ngati ndikudwala. Pamenepo ndinaimirira, ndinawaitanira pa kathanki kaja, ndinasenda pepala pang'ono n'kuunika ndi tochi. Anayang'ana nthawi yaitali osaona kanthu. Kenako anaona timadontho takuda tiwiritiwiri tikuyenda. Ndinawauza kuti amenewo ndi maso a tiana ta nsomba zija, kuti zimene zinali m'mabotolo ndiye chakudya chake, ndipo china chimene tingadye palibe.

Alamu anaika dzanja pakamwa. Atalichotsa anandikalipira.

"Nanga osanena bwanji, bambo inu? Pakamwa munasiya ku Ntcheu?"

Anafunsa kuti tianato tingapirire mpaka liti. Ndinati tizilombo totsalira m'madzi momwemo tikatha, mwina mawa kapena mkuja, basi. Anafunsanso ngati nsombazo sizingaikire ena, ndipo ndinati sindikukhulupirira. Amayi anatsazika mwakachetechete, ena osamvetsa kuti chalakwika n'chiyani kwenikweni.

M'mawa mwake ndinapempha adona kuti ndithamangire ku Benoni. Mwini sitolo uja anapukusa mutu. Analibe mbewu, ndipo kuitanitsa kunyanja kukanatenga milungu. Nditabwerera ndinaphika dzira, ndinatenga kachidutswa ka pakati pake n'kukasefa pa kansalu, monga ndinamvapo kuti ena amachitira ndi nsomba za m'madzi wamba. Madzi anachita mbuu. Pofika madzulo tiana tambiri tinali pansi, toyera. Ndinatichotsa ndi kapaipi, ndinasinthako madzi pang'ono, ndipo za dzira ndinazisiya.

Kupempherera nsomba kunandichititsa manyazi. Anthu akwathu ambiri nthawi imeneyo ankagona m'zisakasa ku Reiger Park, ena akuthawa apolisi chifukwa cha mapepala, ena akudwala ngati mmene anadwalira akazi anga. Ine ndikanapita bwanji pamaso pa Mulungu ndi nkhani ya tinthu tosaoneka? Chimene ndinapempha n'chakuti, tianato tikafa tonse, mtima wanga usasunge kanthu pa amayi aja, ndipo akadzabweranso ndidzawalandire ndi nkhope yomwe ija.

Loweruka masana ndikudula mpanda wa maluwa, ndinamva munthu akugogoda pageti ndi mwala. Anali alamu, atavala juzi ziwiri, dzanja limodzi atagwirizira pachifuwa ngati wanyamula khanda. Sanalonjere. Analowa m'chipinda, anapisa m'kati mwa juzi n'kutulutsa botolo la jamu, kenako lina lalikulupo kuchokera m'chikwama. Lalikululo linali lobiriwira. La jamu linali lotuwa, lofunda ndi thupi lawo. Nditalikweza pawindo ndinaona fumbi lamoyo likuzungulira m'katimo.

Nkhani yake anandiuza ndili m'kati mosefa. Lachinayi lomwe lija, ali mu tekisi, anagawira amayi onse ntchito: aliyense akafunse kumene amagwira, afunsenso antchito a nyumba zoyandikana, ngati pali amene anaonapo bwana wosunga mabotolo obiriwira. Funsolo linayenda pamipanda, pamalo oyanika zovala ndi pamzere wodikira matekisi, m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chisutu. Lachisanu madzulo yankho linabwera kudzera mwa mayi wina wa Chizulu wogwira ntchito ku Kempton Park. Bwana wake anali ndi chipinda chathunthu cha mathanki, ndipo tsiku limene mayiyo anayamba ntchito anamulumbiritsa kuti mabotolo a pawindo asadzawakhudze. Alamu anapempha adona awo kuti achoke m'mawa, anakwera matekisi mosinthasintha, anakaima pageti la anthu osawadziwa n'kufotokoza zonse. Bwana wa mathankiyo akuti anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti apongozi ake anamuchitapo zomwezo. Anadzaza mabotolo awiriwo ndi kuwachenjeza kuti la jamulo lisazizidwe.

Ndinafunsa ngati anthu mu tekisi sanadabwe.

"Anafunsa kumene. Ndawauza kuti ndi mankhwala otsegula pakamwa pa mwamuna wosayankhula. Amayi atatu apempha kuti ndiwagawireko."

Ndinathira tizilombo pang'ono m'kathanki, totsala ndinatisunga kuti tiswane. Tinawerama tonse awiri, mitu pafupifupi kugundana. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako kamwana kamodzi kanapinda thupi, kanadumphira kutsogolo pang'ono, n'kuima. Kena kanachitanso chimodzimodzi. Ndinauza alamu kuti kumeneko ndiye kudya. Iwo anapuma mwamphamvu, anakhala pabedi n'kuvula nsapato, nati miyendo yawo yatha ntchito ndipo ndiwaphikire tiyi wa mkaka, osati wamadzi uja ndimamwa ine. Ndinathira madzi m'ketulo.

Tiana totsala tinali tochepa, toti munthu akanatha kutiwerenga pa zala. Koma sitinafenso mwaunyinji. Titakulako ndinayamba kutipatsa tinkhanu tating'onoting'ono timene mazira ake ankapezeka kusitolo ija, oswetsa m'madzi amchere. Makolo ake sanaikirenso. Yaikazi inafa chisanu chisanathe, yaimuna n'kutsatira mvula isanayambe.

M'mawa wina, patapita milungu ingapo, ndinayang'ana m'kathanki ndipo sindinaone kanthu kakuyandama. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti tiana tonse takhala pagalasi ndi pansi, monga zimakhalira zazikulu, ndipo tiwiri tada kale, kamzere kabuluu katayamba kuoneka pamwamba pa diso. Ndinakhala pabedi osavala nsapato mpaka adona anaitana kufunsa ngati ndili bwino. Ndinayankha kuti ndili bwino kwambiri, ndipo tsiku limenelo ndinagwira ntchito mopepuka ngati mnyamata.

Lachinayi lotsatira amayi anabweranso. Alamu analowa patsogolo, anaima pawindo atatambasula manja, n'kulengeza kuti aliyense wokhudza botolo adzayenda wapansi mpaka ku Kempton Park. Kenako anawerama pa kathanki. Tinsomba tonse tinali titatuluka mizere.

"Ndi tomweti basi? Ndinazunzikira tomweti? Usipa ndi waukulu."

Anatero, koma sanachokepo. Amayi ena anayamba kusesa ndi kuchapa iwo akadali pomwepo. Patapita nthawi anafunsa, osanditembenukira, ngati timeneti tidzaikiranso mazira. Ndinati Mulungu akalola, chaka chamawa. Anati ndiye ndifune mabotolo ena, ndipo okwanira, chifukwa ulendo wachiwiri wa ku Kempton Park iwo sadzaupitanso.