Mlamba m'Buluku la Alamu

Zaka zimene ufa tinkaugulira pamzere, ine ndinali nditasiyana ndi koleji mwamtendere. Aphunzitsi anaona kuti mayankho anga sakugwirizana ndi mafunso awo, ndipo palibe anafuna kugonja. Ndinkakhala m'komboni ya Kanyama mu Lusaka kwa alongo anga, ndipo udindo wanga panyumbapo unali kupereka maganizo.

Amuna awo, alamu anga, anali atachotsedwa ntchito kufakitale. Chuma chimene anatsala nacho chinali buluku limodzi lakuda, losita bwino moti mzere wake ukanatha kudula tomato, tomatoyo akanapezeka.

Mbiri inafika kwathu ku Katete kuti mwana wa eni akudyera mchere. Mayi athu anakwera basi mwezi wa Juni, natulukira ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Popeza kwathu munthu sayang'anizana ndi apongozi, alamu anakhala panja, mayi m'nyumba, ndipo mayi analankhula ndi khoma.

"Mawa ndiona cholowa mumphika. Chikakhala chibwabwa, mwana wanga alongedze, tizipita."

Khomalo linamva, chifukwa linali lopyapyala.

Nkhuku masiku amenewo tinkangoipatsa moni. Koma kuseri kwa komboni kunali maenje osiyidwa ndi ophwanya miyala, odzaza madzi obiriwira, ndipo anthu ankati muli milamba. Mawa lake ine ndi alamu tinalawirira komweko ndi mbedza ndi nyongolotsi, mphepo ikuluma makutu. Tinaponya mbedza, tinadikira, nyongolotsi inafa ndi ukalamba. Ndinafotokozera alamu mwaulemu kuti kukazizira mlamba sudya, umangogona pansi m'matope kuganizira za moyo, monga ndinkachitira ine.

"Mulamu," anatero, "ngati nsomba siifuna kubwera, ine nizaikonkha kwamene ili."

Anavula buluku lija, namanga miyendo yake ndi chingwe, napinda waya m'chiuno mwake kuti likhale kukamwa yasa ngati mono. Anatsala ndi kabudula wam'kati amene mavuto a dziko anali atamudya kale chakumbuyo. Ine anandipatsa nsapato kuti ndigwire. Ndinazigwira ndi mtima wonse.

Atangofika pamene madzi amalekeza pachifuwa, tinamva mawu a azimayi obwera kudzachapa. Pakati pawo panali mayi athu, beseni pamutu. Munthu wa ku Katete sangakhale pansi akuona zovala zakuda.

Alamu anamira mpaka m'khosi. Mayi anaona mutu ukuyandama, nauzindikira, natembenuka msangamsanga kupereka msana. Koma apongozi ukawaona sungapitirire osawalonjera. Anatula beseni, nagwada pamwala, nkhope kuloza ku komboni ya Chawama.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

"Ta-ta-tauka bwino, amayi." Anaomba m'manja pansi pa madzi. Pamwamba panangotuluka thovu.

"Kumudzi akulemba kalata? Abambo anu mwendo uja unapola?"

"U-unapola, amayi."

"Nanga azakhali anu aja a mbuzi?"

Anafunsa za azakhali, za mbuzi zawo, za mvula ya chaka chatha, uku akupaka sopo pa malaya mosafulumira. Mpaka lero sindidziwa ngati ankachita dala. Mano a alamu ankalira ngati makina osokera. Azimayi ena aja anayamba kutsokomola m'zitenje zawo.

"Mulamu, chitako kanthu," anandinong'oneza.

Ndinasintha nsapato, kuzichotsa kudzanja lamanja kupita nazo kulamanzere.

Tsono apa mpamene maphunziro anga amagwira ntchito. M'dzenje lonselo, chinthu chokhacho chofunda chinali alamu, ndipo anaima osagwedezeka ngati mtengo wa magetsi. Mlamba wina wamkulu, wa ndevu ngati mkulu wa mpingo, unabwera kudzawotha. Utafika unapeza khomo lotsegula la nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo pa Lusaka nyumba yotere suyikana.

"Yangena!" anakuwa alamu, akutseka chiuno cha buluku ndi manja onse.

"Chalowa n'chiyani, apongozi?" anafunsa mayi, osacheuka.

"Ndiwo, amayi."

Ndiwo zinali m'buluku, mwini buluku anali m'madzi, ndipo njira yotulukira inadutsa pafupi ndi apongozi. Ndinawaonetsa nsapato ngati zingathandize. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaiwale.

Mayi anamasula chitenje chapamwamba, pakuti kukazizira ankavala ziwiri, nachiponya chakumbuyo. Chinagwera pankhope panga.

"Iwe wa ku koleji, pereka."

Tinadutsa m'komboni motere: alamu patsogolo, chitenje cha maluwa m'chiuno, nsapato zopolisha kumapazi, buluku paphewa likuponda mateche palokha. Amuna okhala panja pa shabini anaimirira.

"Ba bosi! Buluku yanu yakolewa m'mawa muno?"

"Ba neba, mwapeza nchito ya unamwino wa nsomba?"

Alamu anangopitirira. Milomo inali isanabwerere m'malo mwake.

Masana alongo anga anaphika mlamba uja. Mayi anadyera m'nyumba, ife panja. Patapita kanthawi alongo anatuluka ndi mbale, nagwada pamaso pa amuna awo. M'mbalemo munali mutu wa nsomba, gawo la mwini nyumba, lochokera m'manja mwa apongozi. Kenaka tinamva mayi akulankhulanso ndi khoma.

"Munthu wolowa m'madzi a Juni chifukwa cha mwana wanga, ameneyo ndi mwamuna. Mwana wanga atsala."

Alamu anayetsemula mothokoza.

"Koma chikwama changa sichibwerera chopanda kanthu," anapitiriza mayi. "Pali wina pano amene ntchito yake ndi kugwira nsapato."

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndimuone munthuyo.

Chaka chimenecho chimanga cha ku Katete ndinatonola ndine. Alamu anadzapeza ntchito ya ulonda m'komboni ya Ng'ombe, atavala buluku lomwelo. Akuti tsiku lokafunsira ntchitoyo anaperekezedwa ndi amphaka mpaka pageti.