Malata Amene Anakhoma Bambo Aakulu

Linali Loweruka lomaliza la Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene njinga ya bambo inachoka pakhomo pathu. Inali yakuda, chishalo chake chomangidwa ndi mphira, ndipo belu lake linkalira lokha ikagwa m'dzenje. Bambo anaipukuta okha, akupumira m'mwamba, kenako anaipereka kwa mwana wa azakhali, mlongo wawo. Ine ndinali ndi zaka khumi. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumalira, poganiza kuti atilanda.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Jenala, ndipo anadzamanga kwa amayi, m'munsi mwa phiri la Michesi. Malo anali a amayi, koma zimene mwamuna wapeza ndi manja ake, abale ake ena amati n'zawo iye akamwalira. Tinali titaziona kale pa nyumba yoyandikana nafe. Maliro atangotha, akuchimuna anakwera padenga n'kuzula malata onse, mayi ndi ana ake n'kutsala akuyang'ana mitengo yokhayokha. Tsiku limenelo amayi anaonerera atagwira pakamwa.

Nyumba yathu nayo inali ya malata, amene bambo anagula pang'onopang'ono akagulitsa nandolo. Mbali imodzi inali isanathe, ndipo malata ake anatsamira khoma kuseri. Chilimwe chimenecho bambo anayamba kuonda ndi kutsokomola. Ndimakumbukira fumbi lotentha kumapazi, mango aawisi othira mchere, ndi bambo atagona pamkeka masana onse. Amalume, achimwene awo a amayi, anadzipereka kangapo kuti amalize dengalo mvula isanagwe. Bambo ankakana. Ankangoti wokhoma wake alipo. Amayi ankang'ung'udza kuti matenda awonjezera makani.

Ndiye bambo anaitanitsa abale awo a ku Jenala, Loweruka lija. Njinga itapita, wailesi ndi jekete anapereka kwa bambo aakulu, mkulu wawo. Mbuzi ziwiri zinapita kwa azakhali. Bambo aakulu anawaseka kuti akugawa ngati munthu wopita ku Joni, ndipo bambo anaseka nawo mpaka chifuwa chinawagwira. Chitawasiya, anati ali ndi pempho limodzi lokha: mkulu wawoyo awamalizire denga.

Bambo aakulu anali onenepa, oopa pamwamba. Anakana, ponena kuti anyamata alipo ambiri, koma munthu atangolandira wailesi amakana bwanji? Anakwera makwerero akunjenjemera, amalume akuwapatsira malata kuchokera pansi. Anthu a m'mudzi anasonkhana kudzaseka, amayi akuwagawira thobwa. Bambo aakulu atadzimenya chala ndi hamala, mudzi wonse unamva. Pamenepo bambo anadzuka pamkeka, nayankhula mokweza kuposa mmene ankayankhulira masiku amenewo.

"Achimwene, nyumba mwafolera nokhayi ndi ya ana anu awa. Musadzalole munthu kuisasula."

Phokoso linatha. Bambo aakulu anachotsa msomali pakamwa, natiyang'ana ife ana.

"Ndamva, mphwanga," anatero.

Masiku ano pa wailesi amati munthu azilemba za chuma chake akadali moyo, ndipo n'zoona. Bambo sankatha kulemba, inenso ndinalekera sitandade 5. Koma tsopano ndimaona kuti anakonza zonse mmene akanathera: anapatsa abale awo gawo lawo ndi manja awoawo, n'kuika mboni mudzi wonse. Ndili ndi mwana kumbuyo lero, ndipo nkhani imeneyi ndimachita nayo manyazi kuiyamba ndi amuna anga. Ndikakumbukira kuti bambo anaiyamba alibe ndi mpweya womwe, ndimawathokoza, ndipo manyaziwo amachepa.

Bambo anamwalira mu Disembala, chimanga chili m'mawondo. Titaika maliro, akuluakulu anakhala pabwalo kukamba za katundu. Ndinali pakhonde, mng'ono wanga ali pamiyendo. Munthu wina wa ku Jenala, amene sanabwere Loweruka lija, anafunsa za malata. Amayi anaweramitsa mutu. Bambo aakulu anatukula chala chawo, chikhadabo chikadali chakuda, n'kunena kuti sichinapole, ndiye sangakwerenso kukazula zimene anakhoma okha anthu onsewa akuona. Anati gawo lawo analandira kale mwini wake ali moyo. Azakhali anavomereza, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Madzulo ake kunagwa chimvula chochokera kuphiri, chinavumba mpaka mbandakucha. M'mawa mwake ndinakatenga ndowa imene tinatchera pansi pa denga, itadzaza mpaka pakamwa. Ndinaitula pamaso pa amayi n'kuwadandaulira kuti malata amasokosa, sindinagone, bola nyumba ya udzu. Amayi anaseka, koyamba chimwalirire bambo, mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Ine ndinangoima pamenepo, osadziwa chimene chawaseketsa.