Viniga wa a Kachingwe

A Gilford Kachingwe anabwera ku Lilongwe kuchokera kwawo ku Ntchisi ali mnyamata, ndipo ntchito yoyamba imene anaipeza inali yotsuka magalimoto. Kenaka anakhala kondakitala, kenaka dalaivala wa minibasi, moti zaka zawo zonse za ntchito zinathera pa msewu umodzi, wochokera ku Nsungwi kupita m'tauni ndi kubwerera. Anthu a ku Area 25 ankawadziwa ngati dalaivala wosathamanga. Okwera ankatha kudandaula kuti achedwa ku ntchito, koma iwo ankangoyankha kuti amene akufuna kufika msanga akanadzuka dzulo. Masana alionse ankaima pa chiwaya chomwechomwecho n'kugula tchipisi chochita kudontha mafuta, nyama ya mbuzi pamwamba, mchere wambirimbiri. Kabichi wodula amene wogulitsa ankawaikira pambali ankamukankhira kumapeto kwa mbale, n'kubweza mbaleyo kabichiyo ali momwemo.

Atapuma pa ntchito anayamba kumva mutu kuwawa cha kunkhongo. Akazi awo, a Thokozire, anawakakamiza kupita kuchipatala, ndipo kumeneko anawapeza ndi BP. Adokotala anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti mchere achepetse, zokazinga asiye, ndipo azidya masamba ambiri, ena osaphika n'komwe.

A Thokozire ndi mayi wosaseweretsa mawu a kuchipatala. Tsiku lomwelo mchere unachoka patebulo n'kukabisidwa kumene amuna awo sakanaupeza. Masana alionse pambali pa chakudya pankabwera mbale ya kabichi wosaphika, tomato, anyezi ndi karoti, zopanda kanthu kalikonse kothirapo. A Kachingwe ankatafuna nkhope ili yakugwa. Ankati chibadwire sanaonepo munthu wanzeru zake akudya msipu, ndipo zikapitirira chonchi tsiku lina adzadzuka akulira ngati mbuzi. A Thokozire ankangowayankha kuti mbuzi sidwala BP.

Kuseri kwa mpanda wawo kumakhala a Shaibu, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, ochokera ku Mangochi, ndi akazi awo a Karima. Mabanja awiriwa akhala moyandikana kuyambira ana awo ali aang'ono, ndipo abambo awiriwa amasewera bawo pansi pa mtengo wa mango madzulo dzuwa likapepa. Pa chikondwerero cha Idi chaka chimenecho, a Karima anatumiza mbale ya mpunga ndi nyama monga mwa nthawi zonse, ndi kambale kena ka kachumbali. A Kachingwe analawa kachumbaliyo pofuna kungosangalatsa akazi awo, koma anapezeka kuti amutha yense mpunga asanaukhudze. Anali kabichi yemweyo, tomato yemweyo, mchere wake wosamveka n'komwe, koma munali kuwawasa kwina kokoma, konunkhira mango ndi tsabola wa kambuzi. Atawafunsa pa bawo, a Shaibu anati ndi viniga, ndipo za kakonzedwe kake akafunse kukhitchini, iwo amangodziwa kudya.

Koma a Kachingwe sanafune kukaima pakhomo la khitchini ya mkazi wa mnzawo ngati mwana wasukulu. Anakumbukira kuti wokwera wina anawafotokozerapo kuti viniga amapangidwa ndi makoko a nanazi, shuga ndi madzi basi. Anapita kumsika kwa mayi wogulitsa nanazi zosenda, anapempha makoko, n'kuwathira m'chigubu chachikasu chimene kale munali mafuta ophikira. Anathira shuga ndi madzi, anatseka chivindikiro mpaka kukanika kutembenuka, n'kubisa chigubucho kuseri kwa sofa ya pabalaza. Sanauze a Thokozire, chifukwa ankadziwa kuti afunsidwa za kumene shuga wapita.

Unali mwezi wa Okutobala, malata akuchita kulira ndi kutentha. Lachinayi lina masana inali nthawi ya a Thokozire yolandira amayi anzawo a chigwirizano kudzapemphera kunyumba. Amayiwo anadzaza pabalaza ndi yunifolomu yawo yoyera, ena pa sofa, ena pa mphasa. A Kachingwe anawalonjera bwinobwino n'kukakhala pakhonde. Nyimbo zinatha, mayi Msosa amene ankatsogolera anayamba pemphero, onse atatsinzina. Pemphero lili pakati, kunamveka kuphulika ngati tayala. Chivindikiro chinauluka n'kukamenya malata, thovu linatuluka kuseri kwa sofa n'kuyenderera pansi mpaka kunyowetsa mphasa, ndipo nyumba yonse inadzaza fungo limene aliyense wokulira kumudzi amalidziwa.

Mayi Msosa anamaliza pemphero lawo mwachidule, anatsegula maso, n'kufunsa mofatsa kuti, "Mayi Kachingwe, kodi m'nyumba muno mwayamba kufulula?"

A Thokozire anangotembenukira kukhomo. "Bambo a Owen, tabwerani mudzafotokoze nokha."

A Kachingwe analowa chipewa chili m'manja. "Ndi viniga, amayi. Kungoti sanapse."

"Ameneyu wapsa kale, abambo," anatero mayi Msosa. "Ife timamudziwa."

Amayi ena anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Pofika Loweruka nkhani inali itafika pa siteji, ndipo madalaivala achinyamata akaona a Kachingwe akudutsa ankafuula kuti madala awasungire botolo limodzi. A Shaibu ataimva anaseka mpaka kusiya nyundo pansi. Ataseka mokwanira anawagwira dzanja anzawowo n'kupita nawo kukhitchini kumene anakana kupita kuja.

A Karima sanawaseke, kapena ngati anaseka anasekera mumtima. Anawauza kuti iwo safulula chilichonse. Viniga amagula woyera wamba ku golosale, ndipo ntchito yawo ndi kumupatsa fungo ndi kukoma. Anatenga botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, analitsuka ndi madzi owira, n'kuliyanika padzuwa mpaka litauma gwa. Mango osapsetsa anawatsuka, anawapukuta kuti pasatsale dontho la madzi, n'kuwadula timizeremizere. Anaponyamo kambuzi wochepa, adyo wophwanya ndi masamba a minti atawafikisa m'manja. Kenaka anathira viniga mpaka zonse zitamira, n'kuwachenjeza kuti kanthu kalikonse kotulukira pamwamba kamachita nkhungu. Anawauzanso kuti chivindikiro chachitsulo viniga amachidya n'kuchita dzimbiri, ndiye aziyamba aika kapepala ka pulasitiki pakamwa pa botolo. Botololo likakhale pamalo amdima ndi ozizira kwa masabata angapo, azilikhutchumula mwa apo ndi apo, akalawa n'kumva kuti zalowerera asefe ndi kansalu koyera. Pothira pa saladi asakanize ndi mafuta pang'ono, mwinanso kauchi.

"Nanga akakhala kuti sanakome?" anafunsa a Kachingwe.

"Mutsukire mabafa, muyambenso," anatero a Karima.

Munthu amene anatha zaka akudikira minibasi kudzaza savutika kudikira botolo. A Kachingwe anachotsa nsapato zakale m'kabati ya kuchipinda n'kusandutsa kabatiyo nyumba ya mabotolo. Botolo loyamba litakwana nthawi yake analisefa, anathira pa kabichi wawo wa masana, n'kudya mbale yonse osadandaula. A Thokozire analawa ndi nsonga ya foloko, kenaka anatenga mbale yawo kuti nawonso awathirire.

Kuyambira pamenepo sanagwirike. Anapempha matayala akutha kwa anzawo a pa siteji, anawadzaza dothi, n'kudzalamo minti, adyo, kambuzi ndi udzu wonunkhira mandimu uja anthu amathira mu tiyi. Chipatso chilichonse chikafika pamsika ankachiyang'ana ndi diso lina. Magwafa anatuluka bwino. Makoko a manachesi ndi jinja anatuluka bwino kuposa. Chidede chinapatsa viniga mtundu wofiira wokongola moti a Thokozire anapempha kuti botolo limodzi lizikhala patebulo alendo akabwera. Koma si zonse zinkayenda. Malambe anasandutsa botolo lonse phala. Masuku anangosungunuka osasiya kukoma kulikonse. Tsiku lina anathyola mpungabwi m'mbali mwa msewu poganiza kuti fungo lake lamphamvu lithandiza, ndipo a Thokozire atalawa anati saladiyo ndi yabwino kuthamangitsira udzudzu, osati kudya anthu. Limenelo linapitadi kubafa.

Nthawi ya a Thokozire yolandira amayi a chigwirizano itakwananso, iwo anaphika tiyi monga mwa mwambo, koma anaikanso patebulo beseni la saladi ndi botolo lofiira lija. Mayi Msosa anayamba asuzumira kuseri kwa sofa. Kenaka anatsegula botolo, ananunkhiza nthawi yaitali, n'kulola kuti awathirire pang'ono. Anadya, anawonjezera, ndipo potuluka anaima pakhonde pamene a Kachingwe anakhala, n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati angawakonzere botolo limodzi, poti kunyumba kwawonso kuli bambo wokana masamba. A Kachingwe anawauza kuti abweretse botolo lopanda kanthu, lagalasi. Mpaka lero ndi mmene amachitira. Sagulitsa. Wofuna amabwera ndi botolo lake ndi viniga wake wa ku golosale, iwo n'kuikamo za m'matayala mwawo ndi chipatso cha nyengoyo, n'kumuuza tsiku lodzatenga.

Chaka chotsatira Nafisa, mwana wamkazi wa a Shaibu, anapeza banja. A Karima anali ndi zambiri zoti ayendetse, ndiye anawaitana a Kachingwe n'kuwauza kuti kachumbali wa ukwati wonse ali m'manja mwawo. Abambowo anayamba kukonzekera mwezi wathunthu ukwati usanafike, kabati inadzaza mpaka mabotolo ena anakagona pansi pa bedi. Pa tsikulo anavala suti yawo ya kutchalitchi, anamanga epuloni pamwamba, n'kuima pakati pa amayi odula kabichi ndi anyezi, akuyeza viniga ndi mafuta m'kapu ngati dokotala. Alendo ochokera ku Mangochi anadya, ndipo agogo ena aamuna anafunsa kuti wakonza ndani. A Karima analoza a Kachingwe n'kunena kuti ndi wophunzira wawo, anayamba movuta koma tsopano akuyesetsa. A Kachingwe anavomera ndi mutu, akumwetulira ngati alandira satifiketi.

Kuchipatala amapitabe mwezi ndi mwezi, ndipo adokotala amati zinthu zikuyenda bwino. Iwo amauza anzawo pa bawo kuti ndi viniga. A Thokozire amati ndi mapiritsi amene amawaimirira mpaka ameze. Nkhani imeneyi sanagwirizanepo, ndipo sizikuoneka kuti adzagwirizana.

Mwezi wathawu mwana wawo Owen ankapita ku Ntchisi, ndipo a Kachingwe anamupatsira botolo la chidede kuti akapatse achemwali awo, a Naphiri, amene amakhala kumudzi. Owen anafika mothamanga, anasiya botolo pamodzi ndi sopo ndi shuga, osafotokoza kanthu. Patapita masiku a Naphiri anaimba foni kuthokoza. Anati mankhwala aja ndi amphamvu, akhala akupaka m'maondo m'mawa ndi madzulo, amanyereza pang'ono koma tsopano akutha kufika kudimba osapumira panjira, ndiye wina akamabwera awapatsirenso.

A Kachingwe anawafotokozera mofatsa kuti si mankhwala opaka, ndi viniga wothira pa kabichi ndi tomato, ndipo kabichiyo saphika, amangodula n'kudya.

Kenaka a Naphiri anafunsa ndi mawu achisoni:

"Achimwene, kodi makala adula choncho m'tauniyo?"