Titenge Osewera, Anatero a Tcheyamani

Lamulungu lapitali timu ya mpira ya papulazi pathu inagonja, ndipo amene anatigonjetsa ndi mwana wathu yemwe.

Ndikunena Layisoni, mwana wa a Zuze, wobadwira mu komboni muno kuseri kwa mabalani owotchera fodya. Ndinamuphunzitsa ndekha pa kasukulu kathu ka papulazi, ndipo ndingachitire umboni kuti iye ndi masamu sankamwerana madzi. Koma mpira unkamumvera. Tsikulo anabwera atavala malaya achikasu a timu ya kumgodi wina wa golide cha ku Shamva, natimwetsa zigoli ziwiri ife tili kukamwa yasa.

Pa chigoli choyamba ndinali nditakhala pafupi ndi bambo ake. Mkuluyo anadzambatuka, manja m'mwamba, pakamwa patatseguka kale kuti akuwe. Kenaka anakumbukira mbali imene wakhala. Anatsitsa manja pang'onopang'ono n'kuyamba kukanda m'mutu, ngati kuti ndi zimene anaimirira.

"Kwatentha lero, aticha," anatero.

Kunali mitambo ndi kamphepo kozizira.

Inu owerenga a m'tauni mwina mukufunsa kuti mwana wa papulazi akutani mu timu ya kumgodi. Nkhani yake inayamba ndi liwu limodzi, ndipo liwulo ndi "kutenga".

Ife ana a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Tete tili ndi malilime awiri m'kamwa mwathu. M'Chichewa kutenga ndi kunyamula chinthu chimene chilipo kale. M'Chishona kutenga ndi kugula. Dzenje limeneli timalidumpha tsiku ndi tsiku osagwamo. Mayi akatuma mwana kuti "katenge mchere", mwanayo amayamba wayang'ana m'manja mwa mayi ake. Mukakhala ndalama athamangira kusitolo, mukakhala mulibe alowa m'nyumba.

Koma kumayambiriro kwa chaka chino komiti yathu ya mpira inagwamo ndi miyendo yonse iwiri.

Tcheyamani wathu, a Nkhoma, anabadwira ku Kasungu ndipo Chichewa chawo sichinalowe madzi. Anali atatopa ndi kugonja, monga tonsefe. Pa msonkhano wa pansi pa bulugama anamenya ndodo pansi nati:

"Chaka chino zachibale ayi. Titenge anyamata odziwa mpira, basi. Osati wina azilowa m'bwalo chifukwa ndi mphwake wa folomani."

Mkuluyo ankanena zosankha bwino pakati pa anyamata athu a mu komboni. Koma amene amapititsa mawu a komiti kwa mzungu mwini pulazi ndi Pita, kalaliki wa mu ofesi, wobadwira konkuno, munthu amene ngakhale kulota amalota m'Chishona. Iye anakauza bwana m'Chingerezi chosalala kuti komiti ikupempha kugula osewera.

Bwana ameneyu ndi yemwe uja takhala tikumupempha malata a kalasi yachiwiri kuyambira pamene makolo a ana amene ndikuphunzitsa lero anali ana anga a sukulu. Yankho lake silisintha: fodya sanagulidwe bwino chaka chino. Koma zikumveka kuti kukalabu azungu anzake amamuseka chifukwa cha timu yake. Ndiye itafika nkhani ya osewera, fodya anapezeka kuti anagulidwa bwino mwadzidzidzi. Posakhalitsa lole yobweretsa feteleza kuchokera ku Harare inatsitsanso anyamata atatu, zikwama paphewa, nsapato za mpira zenizeni zili lende m'khosi.

A Nkhoma anaona ndithu kuti mawu awo apita kokhota. Koma amayi anali atayamba kale nthungululu, ndipo amuna ankawagwira chanza n'kumati, "Madala, mutu wanu umakoka!" Inu mukanatani? Iwo anangokonza chipewa nati, "Ndi mmene ndinanenera."

Lamulo la mpikisano wa mapulazi ndi migodi kuno limati wosewera aliyense akhale wantchito wa pamalopo. Sitinaphwanye lamulo, ife ndi anthu opemphera. Mlendo woyamba anapatsidwa ntchito yoyang'anira mpopi wa mu komboni, ndipo mpaka lero mpopiwo sunathawe. Wachiwiri ndi woingitsa mbalame m'munda wa fodya. Chiyambireni ntchito yakeyo palibe mbalame imene yadyapo fodya, monganso kale. Wachitatu, womwetsa zigoli, timangomutchula kuti Wailesi chifukwa sasiyana ndi kawailesi kake. Iyeyo ndi wothandiza wa wothandiza wa dalaivala wa thirakitala.

Malo a Layisoni kutsogolo anapatsidwa kwa Wailesi. Layisoni ntchito yake inali yosonkhezera moto m'mabalani, ntchito yeniyeni, yofiiritsa maso. Ankabwera kokonzekera masewero akununkha utsi, n'kupeza anzake atatu aja atapuma bwino, khungu lili see. Tsiku la masewero ankamupatsa ndowa ya madzi ndi thumba la malalanje kuti azigawira anzake pa nthawi yopuma. Anapirira kangapo. Koma anthu a kumgodi nawonso ali ndi maso. Anabwera, anayankhula naye, ndipo anamutenga, m'malilime onse awiri.

Ndisakunamizeni, alendo athuwa mpira amautha. Tinapambana masewero angapo, kubawa kunkadzaza, ndipo ngakhale ine mphunzitsi ndinavinapo m'fumbi ana a sukulu akuona. Munthu amene sabata yonse wawerama m'mizere ya fodya wa mwini wake amafuna kanthu kamodzi koti azinena kuti "tawina". Amene amanyoza chimwemwe chimenecho sanakhalepo mu komboni.

Koma Lamulunguli, titamwa kale chigoli chachiwiri, mpira unagubuduka pafupi ndi Wailesi iye ali chiimire, manja m'chiuno. Mnzake wakumbuyo, mwana wa pano, anakuwa ndi mphamvu zake zonse:

"Tenga! Tenga iwe!"

Wailesi anatembenuka n'kuyankha m'Chishona, bwalo lonse likumva: "Nditenge nei? Handisati ndatambira!" Ankafunsa kuti agule ndi chiyani poti sanalandire.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ena akuti sanamve Chichewa, ena akuti anamva bwinobwino. Chimene tinadziwa pambuyo pake n'chakuti kangachepe kake ka mweziwo kanachedwa, ndipo miyendo yake inachedwa nako limodzi.

Tsopano komboni yonse ili ndi mankhwala amodzi a matenda athu: tigule ena. Kumpopi, kushedi yosankhira fodya, ngakhale pa khomo la tchalitchi, nyimbo ndi yomweyo. Atatu achepa, akutero. Bwana atulutse ndalama zambiri, tipeze goloboyi wa ku Bindura ndi otchinga kumbuyo awiri aatali ngati mitengo ya magetsi.

Ine ndikuti bwanji osagula onse khumi ndi mmodzi? Ntchito zilipo. Wina aziyang'anira mthunzi wa bulugama, wina aziwerenga mitambo. Tikatero tigulenso ochemerera, chifukwa athuwa mawu awo ndi osasa ndi fumbi la fodya. Pomaliza timu ya papulazi pathu idzakhala yamphamvu kwambiri moti sipadzapezeka munthu wa papulazi pathu woisokoneza.

A Nkhoma akamaikira kumbuyo zogulazi amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi wachiwiriwu a Nkhoma akuoneka kuti anausiya ku Kasungu.

Khalidwe limeneli silili ku mpira kokha. Mlaliki wochokera ku Harare timamuphera nkhuku, pamene mkulu wa mpingo amene amatiikira maliro athu chaka ndi chaka timamupatsa tiyi wopanda mkaka. Mmisiri wathu wa njinga akatchula mtengo timamukumbutsa kuti tinamuona akuyenda wopanda kabudula. Wa kutali akatchula mtengo woposa pamenepo timati n'chifukwa amadziwa ntchito. Munthu tikamudziwa amayi ake, basi luso lake latsika mtengo.

Chimene chimandiseketsa, ngakhale kuseka kwake n'kowawa, n'chakuti ife ndi anthu omaliza amene tikanayenera kutengeka ndi zimenezi. Kodi makolo athu anafika bwanji m'dziko muno? Si pa malole? Anabwera anyamata a zitho, ochokera kunja, olandiridwa bwino chifukwa ankalima kuposa eni dziko ndipo sankayankha. Osewera ogulidwa oyambirira pa mapulazi ano ndi abambo athu. Choncho Wailesi sindimuda. Akudziwa chimene makolo athu anachidziwa mochedwa, chakuti wogulidwa amakondedwa miyendo ikadali yolimba. Iye akudyeratu lero, ndipo akuchita bwino.

Amene akufuna kudziwa mathero a wogulidwa apite kunyumba kwa a Zuze.

Papulazi nyumba si ya munthu, ndi ya dzanja limene likugwira ntchito. A Zuze anachoka ku Tete ndevu zisanamere, ndipo msana wawo unathera m'minda ya pano. Atalephera kuwerama anapitiriza kukhala m'nyumba yawo ya njerwa pa dzina la Layisoni. Lero Layisoni kulibe. Folomani wawauza kale, mwaulemu wonse, kuti mwezi uno ukatha apereke makiyi. Nyumbayo ili ndi mwini wake watsopano, chifukwa Wailesi wakhala akudandaula kuti sangamagone chipinda chimodzi ndi anzake awiri ngati mwana wa sukulu.

Kumgodi Layisoni amagona m'chipinda cha anyamata osakwatira, mabedi osanjikizana, moti nkhalamba singaloledwe. Ku Tete kuli nkhondo, ndipo ngakhale ikanakhala kulibe, palibe amene angawazindikire a Zuze kumeneko. Chitupa chawo chimati ndi mlendo m'dziko lino. Akazi awo anagona kumanda a papulazi pompano, kuseri kwa damu. Zimenezi zikundipweteka mtima, ndipo sindibisa.

Pita, kalaliki uja, wabwera ndi nzeru. Akuti pa osewera ogula aja tiikepo dzina la Layisoni. Popeza tsopano ndi wa kumgodi, ndiye kuti ndi wochokera kunja, ndipo wochokera kunja amayenera nyumba ya njerwa ndi ntchito yopepuka. Akabwerera, bambo ake sachoka. Mwaiona nzeruyo? Ali mwana wa pano ankayenera ndowa ndi malalanje. Wangotimwetsa zigoli ziwiri atavala malaya a eni ake, wasanduka munthu woti n'kumukambira mtengo.

Lachitatu masana nditaweruka ndinapita kwa a Zuze kuti ndiwauze nkhani yabwinoyi. Ndinawapeza pakhonde akumanga mapoto ndi luzi, mpando wawo wa ndalema utapindidwa kale.

"Ndamva kale, aticha," anatero ndisanamalize. "Pita anabwera. Mwananso ndayankhula naye tsiku la bola lomwe lija."

"Ndiye abwera liti?"

"Ndamuuza asabwere."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Bambo, nanga nyumba?"

"Nyumba ndi ya bwana, aticha. Mwana ndi wanga." Anakoka luzi ndi mano n'kulavula kachidutswa. "Kumgodi akumuphunzitsa basa la makina. Bola ikadzatha m'miyendo, manja adzakhala ndi chochita. Kuno adzamupatsa chiyani? Kuyang'anira mpopi? Ndipo bwana akadziwa kuti mwana wabwerera chifukwa cha nkhalamba, ndiye kuti wamugwira pakhosi. Sadzathanso kukana kalikonse. Ine ndinakhala moyo umenewo, wakwana."

Ine amene ndimadya ndi pakamwa, kutsogolo kwa ana m'mawa ndi pa tsamba lino sabata iliyonse, ndinangowerama n'kuwagwirira luzi.

Iwo ndi amene anaseka. "Inu mumalemba munyuzi, eti? Mukawafunse a komiti ngati nkhalamba amagula. Nanenso ndine wochokera kunja. Miyendo yokha ndi imene inathera m'munda mwawo."

Ndakufunsirani, bambo.

Loweruka likudzali komiti ikumana kuti igwirizane zokapempha bwana ndalama zina zogulira osewera, ndipo ndikudziwa kuti manja onse adzakwera m'mwamba. Gulani, abale anga, sindikuletsani. Mwina chikho chidzabweradi, tidzachiika mu ofesi ya bwana n'kumachionera pawindo. Koma musanakweze manjawo, mmodzi wa inu aimirire andiyankhe pamaso pa anthu: mwezi uno ukatha, a Zuze akagona kuti?