Dona Deolinda ndi E4

Nthawi ya nkhondo ija, wofuna fotokopiya ku Lichinga ankathera kwa dona Deolinda wa ku Sanjala, mayi wamfupi wa pakamwa posatopa, amene ankagwira ntchito m'kasitolo ka mapepala pafupi ndi msika. Makinawo anasiya ndi mzungu wina amene anatopa ndi kuzizira kwa kuno. Akanyanyala, ankangoyatsa kanyali kofiira n'kulemba E4, basi. Kabuku kake kanali ka Chijeremani. Deolinda anaimbapo foni kwa mmisiri wa ku Nampula, ndipo atakuwa mpaka mawu kusasa anauzidwa kuti E4 ndiye kuti makina avuta. Ngati kuti Deolindayo ankayesa kuti makinawo akumupatsa moni.

Ndiye anadzipezera yekha mankhwala. Chifunga cha kuno chimanyowetsa mapepala, choncho m'mawa ankawabereka kumsana m'kapulana, chitenje cha kuno, kuti afike pantchito ali ofunda. Tsiku lina zinkathandiza, tsiku lina E4 ankabwerabe. Komabe makina anali bwinoko poyerekeza ndi anthu. Uyu abwere ndi chiphaso choyendera chopichiridwa ngati fodya, uyo afune kuti makina amuchepetsereko zaka zobadwa, ndipo zikakanika wolakwa anali Deolinda.

Mmawa wina kunafika Che Selemane, mlimi wa mbatatesi wa ku Assumane, ali ndi chithunzi chokulunga pampango. Chinali cha mwana wawo Dawudi, amene anatengedwa kupita ku usilikali ndipo sanamvekenso. Mnansi wawo ankakwera ndege masana omwewo kupita ku Nampula, ndipo anali atalonjeza kukaonetsa nkhopeyo m'zipatala. Chithunzi chinali chomwecho chokha, ndiye ankafuna china choti chipite. Magetsi nawo ankazima dzuwa lisanafike paliwombo.

"Ndipatseni kuno, baba, ndichiike pagalasi," anatero Deolinda.

"Iyayi, mama. Ine ndachiona chimoto chimadutsa m'menemo. Chikapsa mundipatsa chiyani, E4 wanuyo?"

Ngakhale ku Assumane E4 anali atatchuka.

"Sichipsa, baba, ndi kuwala chabe. Taonani."

Anaikapo chitupa chake kuti awatsimikizire, n'kudina batani. Makina analira pang'ono, kenako kanyali kofiira kanayaka. Che Selemane anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuyamba kukulunganso chithunzi chawo.

Deolinda anapsa mtima, ndi makina ndi nkhalamba yomwe. Anatsegula tizitseko tonse, anauzira mkati, anachotsa mapepala n'kuikamo ena amene anali akadali m'kapulana, kenako anamenya makinawo khofi kumbali. Kanyali kanazima. Anadziwa kuti mwayi umenewu sukhalitsa, ndipo pamzere anthu anali atayamba kung'ung'udza.

"Chabwino, bwerani mbali ino. Ikani nokha."

Che Selemane anagoneka chithunzi pagalasi chafufumimba, koma dzanja sanachotse. Anachipsinja ndi chikhatho chonse.

"Chotsani dzanja nditseke."

"Jambulani ndili chigwirire."

Deolinda anayang'ana kudenga, n'kupuma mozama. Chivindikiro sichikanatsekeka, ndiye anangofunditsa mkono wa mkuluyo ndi kapulana. Che Selemane anatsinzina, n'kunong'ona Bisimila. Kuwala kunadutsa pansi pa chikhatho chawo, koma mkono sunasunthe.

Pepala linatuluka lofunda. Dawudi anali pakati, makutu ake aakulu, kolala yopindika. M'mphepete mwa chithunzicho munaonekanso zala za bambo ake, zong'aluka ndi khasu, mzere uliwonse poyera. Deolinda anachita manyazi, chifukwa ntchito yotere sinali kutuluka m'manja mwake.

"Zala zanu zalowa, baba. Tibwereze magetsi asanapite."

Che Selemane anayamba aona ngati chithunzi chawo chili bwinobwino. Kenako anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Musabwereze, mama," anatero. "Nkhope yakeyo mwina yasintha. Koma dzanja ili akangoliona alidziwa."