Mpunga wa Achimwene a Dalitso

Fungo la nkhuku yowotcha pamakala, yopakidwa msuzi wakuda wotsekemera, mpaka lero limandiimitsa panjira. Ndinalimva koyamba chaka chimene ine ndi amayi tinafika ku Bowie, nyengo imene mitengo ya mu Washington imachita maluwa oyera ngati thonje. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Achimwene anga a Dalitso tinawasiya ku Zomba akutsokomola, mapepala awo aulendo asanatuluke. Ndinkawasowa koopsa, moti ndinkawasungira chilichonse, ngakhale theka la bisiketi.

Loweruka lina amayi anandidzutsa kuti tikayende. Tinakwera basi, kenako sitima yapansi pa nthaka, mpaka mumzinda momwe Ajapani anadzaza msewu ndi matenti a zakudya. Utsi unali tolotolo. Tinagula timipira totentha tonga mandasi, mkati muli nyama ya m'nyanja, pamwamba atawaza tizidutswa ta nsomba youma timene tinkagwedera tokha. "Ayi, izi zikupuma," anatero amayi, n'kundikankhira zonse. Ine ndi kususuka kwangaku ndinaseseratu.

Kenako tinagula mpunga womatana m'timbale tiwiri, n'kupatsidwa timitengo todyera. Amayi mpunga wawo sanaukhudze. Ndinatenga timitengo tanga n'kutizika chilili pakati pa mbale yawoyo.

"Uwu ndi wa achimwene, wina asadye," ndinatero.

Mayi wachikulire amene anatigulitsa anasiya moto wake n'kudzazula timitengo tija. Anafotokoza m'Chingelezi chodukaduka kuti kwawo mpunga wozika timitengo chonchi amapatsa akufa. Amayi anandigwira dzanja mpaka kupweteka. Sanalisiye ulendo wonse wobwerera, maluwa atakanirira m'tsitsi mwawo.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi foni inalira. Anali amalume ku Zomba. Amayi anakhala pansi pakapeti, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro.

Nyengo yonse ija ndinkakhulupirira kuti achimwene ndawapha ndine. Maluwa anayoyoka, kunatentha, ine mantha osatha. Ndinaleka kusungira munthu kanthu, ndipo sindinauze aliyense chifukwa chake.

Ndinali wamkulu kale pamene amayi anandiuza kuti amalume anali ataimbanso Lachisanu, tisanapite kokayenda kuja. Amalumewo anangoti, "Matenda akula, limbani mtima." Kwathu munthu wakutali samuuza maliro kamodzin'kamodzi, amayamba amufewetsa mtima. Amayi anamva bwinobwino tanthauzo lake, koma anafuna tsiku limodzi lokha loti akhalebe mayi wa ana awiri. N'chifukwa chake tinakwera sitima ija.

Pamene ndinkazika timitengo, achimwene anali atatisiya kale. Mwana uja, ineyo, ankati waitana imfa, chonsecho anangopereka mpunga kwa mwini wake, m'njira yoyenera.